Madzi Saiŵala Khwaŵa: Nkhani ya kwa Maganga

Nkhani ya lero ikuchokera m'dera la Mfumu Maganga, m'boma la Salima, m'mphepete mwa nyanja ya Malaŵi. Mlendo wochokera ku Ntchisi kapena ku Mwanza akafika kumeneko koyamba, naima pa mchenga wa ku Senga Bay, amaona madzi mpaka pamene maso ake alekezera, ndipo mumtima mwake amati anthu a kuno vuto la madzi sangalidziŵe konse. Koma mlendo yemweyo akaloŵa kumtunda pang'ono m'mwezi wa Okutobala, adzapeza amai atandanda pa mjigo dzuŵa lisanatuluke, zitsime za m'dimba zitatsala matope okhaokha, ndipo ziŵeto zikulimbirana kadziŵe kamodzi. Akabweranso mu Febuluwale adzapeza zina: minda ya m'munsi itamira, zimbudzi zitagumuka, ndi mabanja ena atathaŵira ku malo okwera. Dziko ndi lomwelo, anthu ndi omwewo, koma chaka chimodzi chimaŵaonetsa ludzu ndi chigumula.

Kuti zimenezi zimveke bwino, nkofunika kuyamba wadziŵa kumene madzi a kwa Maganga amachokera. Mtsinje waukulu wa m'dera limeneli ndi Linthipe, umene gwero lake lili kumtunda, cha ku Dedza. Potsika, Linthipe amalandira madzi a mtsinje wa Lilongwe, umene umayambira ku mapiri a Dzalanyama nudutsa mu mzinda wa Lilongwe. Mitsinje iŵiriyi imatsetsereka m'zigwembe za pafupi ndi nkhalango ya Thuma, kenaka nkufika pa chigwa chathyathyathya cha Salima, pamene madzi amafooka liŵiro natula zonse zimene anyamula. Motero mvula imene yagwa pa munda wa munthu wa ku Dedza kapena wa ku Mitundu, mapeto ake imadzadutsa pakhomo pa munthu wa kwa Maganga. Akuluakulu adati madzi saiŵala khwaŵa, ndipo pano mwambiwu sufuna womasulira.

Mvula ikagwa imakhala ndi njira ziŵiri: kuloŵa pansi kapena kuthamanga pamwamba. Madzi oloŵa pansi ndiwo amasungika m'nthaka, namatuluka pang'onopang'ono m'akasupe, m'madambo ndi m'zitsime chilimwe chonse. Madzi othamanga pamwamba amatha tsiku lomwelo, ndipo popita amakokolola chonde cha m'munda. Anthu oyeza mvula amaŵerenga motere: mvula ya milimita imodzi ikagwa pa hekitala imodzi, ndiye kuti pagwa malita 10,000 a madzi. Mvula ya mamilimita 30, imene ingathe kugwa madzulo amodzi okha, ndi malita 300,000 pa hekitala. Tsono funso nlakuti, pa madzi onseŵa ndi angati amene aloŵa pansi? Chitsime chimene mai akutungapo mu Okutobala chikumwa mvula ya mu Febuluwale. Ngati mvulayo idathamangira ku nyanja, chitsimecho chilibe pogwira.

Chimene chimathandiza madzi kuloŵa pansi ndicho mitengo, udzu, zinyalala zoola ndi mizere yopingasa. Zimenezi ndizo zakhala zikuchepa pamene anthu akuchuluka. Pa kalembera wa 1966 dziko la Malaŵi linali ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 adapezeka oposa 17 miliyoni, ndipo boma la Salima lokha linali ndi anthu oposa 470,000. Aliyense mwa anthu ameneŵa afuna munda, nkhuni ndi nyumba. Ku nyanja nkhuni zimapita pa kuwamba nsomba, kumtunda zimapita pa uvuni wa njerwa ndi pa makala opita m'tauni. Malo akachepa, khasu limafika mpaka m'gombe la mtsinje, pamene kale panali bango ndi nsenjere. Gombe lopanda mizu siligwira. Limagumukira m'madzi, mchenga nkudzaza mtsinje, ndipo mtsinje wodzala mchenga ukalandira madzi ambiri umasefukira m'midzi.

Matopewo sathera m'minda yokha ai. Pafupi ndi pamene Linthipe amathira m'nyanja pali zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga, zimene zili mbali ya malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene adakhazikitsidwa mu 1980 nalembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 1984 pa malo ofunika a dziko lonse lapansi. Nsomba zazing'ono za m'miyala, zotchedwa mbuna, zimadya ndere zomera pa miyalayo, ndipo matope akakuta miyala chakudya chao chimachepa. Mpasa nayo, nsomba imene imachoka m'nyanja kukaswera m'mitsinje monga Linthipe ndi Bua, imafuna madzi oyera ndi timiyala toikirapo mazira. Apa mpamene mlimi ndi msodzi amakumana, ngakhale sadziŵana: dothi lochoka m'munda wa mmodzi limakatseka chakudya cha mnzake.

Nyanja yeniyeniyo siikhala pamodzimodzi. Kuyambira cha m'ma 1915 kufikira cha m'ma 1935 madzi ake adatsika kwambiri, kotero kuti mtsinje wa Shire udaleka kutuluka m'nyanjamo monga mwa masiku onse. Mu 1980 madzi adakwera kufika pafupifupi mamita 477 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo nyumba zambiri za m'mphepete zidamira. Mu 2024 adakweranso kwambiri, naloŵa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi. Chodabwitsa nchakuti m'chaka chomwecho, m'mwezi wa Malichi, boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha kuvuta kwa mvula m'nyengo ya El Niño. Chimanga chinkafota m'minda pamene nyanja inkadya magombe, pakuti nyanja imalandira madzi ochokera kutali, kumpoto kwa dziko lino ndi ku Tanzania. Mlimi wa kwa Maganga alibe mphamvu pa kukwera kapena kutsika kwa nyanja. Mphamvu yake ili pa mvula yogwa pa munda pake, pa denga lake ndi pa dambo la mudzi wake.

Nzeru yosunga madzi m'nthaka si yachilendo m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 boma la atsamunda lidakhazikitsa malamulo amene anthu ankaŵatchula kuti malimidwe. Alimi ankakakamizidwa kuunda milambala ndi kulima mizere yopingasa, ndipo kulima m'mphepete mwa mitsinje kudaletsedwa. Wolakwira lamulo ankalipitsidwa, mbeu zake nkuzulidwa, mwinanso kutsekeredwa kumene. Mwa zimene malamulowo ankafuna, zina zinali zoona, koma njira yake idaŵaŵa anthu kwambiri, mwakuti malimidwe adasanduka chimodzi mwa zifukwa zimene anthu akumidzi adakanira ulamuliro wa atsamunda. Chikakamizo chitatha, milambala yambiri idasiyidwa, popeza anthu ankaiyesa ya boma osati yao. Phunziro lake nlakuti ntchito imene munthu waigwira poopa mesenjala imatha tsiku limene mesenjalayo waleka kubwera.

Zosiyana ndi zimenezi zidaoneka mu 1968 ku Chingale, m'boma la Zomba. Kumeneko anthu a m'midzi adakumba okha ngalande zoikamo mapaipi otenga madzi ku mtsinje wa m'phiri, boma nkupereka mapaipi ndi amisiri. Madzi ankatsika okha popanda injini, ndipo mpopi uliwonse unali ndi anthu ouyang'anira osankhidwa pamudzi. Ntchito yotere idafalikira ku Mulanje ndi ku maboma ena, ndipo anthu a maiko akunja ankabwera kudzaphunzira. Komatu pambuyo pake ina mwa mipopi ija idauma, pamene mitengo ya ku magwero idadulidwa ndi pamene makomiti adafooka. Zimenezi zionetsa kuti kuyamba pamodzi nkwapafupi kusiyana ndi kupitiriza pamodzi.

Chitsanzo cha kupitiriza chili m'boma la Salima momwemo, kumpoto kwa dera la Maganga. Chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, chakhala ndi malamulo ake a usodzi chiyambire m'zaka za m'ma 1950. Chaka ndi chaka chilumbacho chimatsekedwa m'nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala, asodzi onse nkuchokako, ndipo chimatsekulidwa ndi mwambo cha mu Epulo. Pachilumbapo saloleza moŵa, chamba kapena juga, ndiponso pali njira zina zophera nsomba zimene nzoletsedwa. Wolakwa amaŵeruzidwa ndi komiti ya mfumu, ndipo angathe kupirikitsidwa. Malamulo ameneŵa sadachokere ku likulu la boma. Adapangana ndi mfumu ndi asodzi eni ake, ndipo akhala zaka zoposa 60. Akatswiri amene adayeza utaka wa ku Mbenji adapeza kuti ndi wonenepa kuposa wa m'madooko ena oyandikana nawo. Chinsinsi chake chili pa zinthu zitatu: lamulo nlodziŵika kwa aliyense, wolisunga amakhala pomwepo, ndipo phindu lake limaoneka ndi maso chilumba chikatsekulidwa.

Zinthu zitatu zomwezi ndizo zimasunga mjigo wa pamudzi. Mijigo yambiri ya m'midzi ya Salima, monganso m'maboma ena, ndi ya mtundu wa Afridev, umene kuyesa kwa mapangidwe ake kudachitika ku Kenya ndi m'Malaŵi muno, ku chigwa cha Livulezi m'boma la Ntcheu, m'zaka za m'ma 1980. Adaupanga dala kuti anthu a pamudzi azitha kuutsekula ndi sipanala ndi kusintha okha timphira ndi tizipangizo tina totha msanga. Mjigo wotere suonongeka mwadzidzidzi, umayamba wachenjeza. Chogwirira chikayamba kugwedera, kapena madzi akamachedwa kutuluka m'maŵa, ndiye kuti kanthu kakang'ono katha. Kukonza pa nthaŵi imeneyo kumadya ndalama zochepa, koma kudikira mpaka ndodo za m'kati zitaduka kumafuna mmisiri wochokera kutali ndi ndalama zimene mudzi sungasonkhe tsiku limodzi.

Nchifukwa chake komiti ya mjigo imafunika kusonkhetsa kangachepe mwezi ndi mwezi, madzi akutuluka bwinobwino. Apa mpamene midzi yambiri imagwera. Anthu amafunsa kuti asonkherenji pamene mjigo uli moyo, ndipo ena amakayika kumene ndalama zimapita. Mankhwala a kukayika ndi kuŵerenga poyera: msungichuma abwere ndi buku pa bwalo, anene zoloŵa ndi zotuluka, ndi kuonetsa zipangizo zimene zagulidwa. Amai ayenera kuchuluka m'komitimo, pakuti ndiwo amayamba kumva mjigo ukasintha kulira, ndiponso ndiwo amayenda mtunda ukafa. Nkhalamba ndi ana amasiye amene sangathe kusonkha, mudzi upangane poyera za kuŵakhululukira, kuti pasakhale wina wobwezedwa ndi ndoŵa yopanda kanthu nkupita kukatunga ku dambo.

Kutunga ku dambo kapena ku nyanja kuli ndi mtengo wake. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja, kuphatikizapo Salima, adakhudzidwa kwambiri. Kumadera a mchenga madzi a pansi ali pafupi, zimbudzi zimagumuka msanga, ndipo zoipa zimaloŵa m'zitsime zosatetezedwa. Alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chitalikire chitsime kapena mjigo ndi mamita osachepera 30, ndi kuti madzi okayikitsa aziŵiritsidwa kapena kuthiridwa kolorini. Likodzo nalo limadikira m'madzi odekha mmene muli nkhono. Motero mjigo ukafa sabata ziŵiri m'dzinja, mudzi sutaya madzi okha. Ungathe kutaya ndi anthu omwe.

Kumunda nako ziliko njira zimene alangizi a zaulimi akhala akuphunzitsa, ndipo sizifuna ndalama zambiri koma thukuta. Akalozera ndi mizere yotsogolera yoyezedwa bwino mopingasa chitunda, imene mizere ina yonse imatsata, ndipo pa akalozerapo amabzalapo udzu wa vetiva umene mizu yake imaloŵa pansi kwambiri. Ngonyeka ndi timizere totseka m'khwaŵa la mizere, tosandutsa munda kukhala timabeseni tambirimbiri tosunga mvula. Mayenje ndi maenje obzalamo chimanga, othiramo manyowa, amene amasunga chinyontho mvula ikadula. Kuphimbira nthaka ndi mapesi kumateteza dothi ku dzuŵa ndi ku madontho a mvula, ndipo ulimi wotere wayesedwa kwa zaka zingapo m'minda ya alimi ku Chinguluwe, m'boma lomweli la Salima. Komabe nzeru iliyonse ili ndi malo ake. Pa dothi la makande la m'chigwa, pamene madzi amadikha, ngonyeka zingathe kumiza chimanga. Pamenepo pafunika ngalande yotulutsa madzi, kapena kubzalapo mpunga.

Palinso mtengo umene anthu a m'chigwa cha Salima amaudziŵa kuyambira kale, ndiwo nsangu. Mtengo umenewu uli ndi khalidwe losiyana ndi inzake: umayoyola masamba m'dzinja pamene mbeu zikufuna dzuŵa, nuphuka m'chilimwe pamene ziŵeto zikufuna mthunzi. Masamba ake amaonjezera chonde, zipatso zake mbuzi ndi ng'ombe zimadya, ndipo chimanga cha pansi pa nsangu chimaoneka chobiriŵira kuposa cha pambali. Mlimi safunika kugula mbande. Angosiya timitengo tomera tokha m'munda, nkumatitengulira bwino.

Koma njira zonsezi munthu mmodzi sangazikwanitse payekha. Mlimi angaphimbire munda wake ndi mapesi mu Juni, koma mu Ogasiti mbuzi za mnansi wake zotayiriridwa nkudya zonse, kapena anyamata osaka mbeŵa nkutentha. Angaunde akalozera, koma ngati mwini munda wa kumtunda sadaunde, madzi adzabwera ndi mphamvu nkugumula ntchito yake usiku umodzi. Pamenepa mpamene pafunika bwalo la nyakwaŵa: kupangana za mwezi woyamba kumasula ziŵeto, za chilango cha wotentha tchire, ndi za kuyamba ntchito kumtunda kutsikira kumunsi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo munda umodzi suimitsa madzi a chitunda chonse.

Nkhani yovuta koposa ndi ya m'mphepete mwa mtsinje. Nkwapafupi kunena kuti anthu asalime m'gombe, koma banja limene dimba lake lili pamenepo limadya chimanga chachiŵisi, tomato ndi mpiru za pomwepo, ndipo ndalama ya sopo ndi ya sukulu imachokera m'dimbamo. Kulilanda popanda kulipatsa pena nkubwereza cholakwa cha malimidwe. Midzi yanzeru imayamba ndi kupangana za kamzere ka m'mphepete kosiyira bango, nsenjere, nsungwi ndi mitengo ya zipatso, zimene mwini dimba angapindule nazo, kenaka nkuthandizana kukweza madzi kufika nawo patali ndi gombe. Mapampu opondaponda, amene adafala kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndi mapampu oyendera dzuŵa amene abwera pambuyo pake, amatheketsa zimenezi ngati alimi agwirizana za masiku othirira. Alimi a mpunga a ku Lifuwu, kumpoto kwa Senga Bay, kumene kulinso malo a boma ofufuzira za mpunga, amadziŵa bwino kuti ngalande imodzi ikamwetsa minda yambiri, wa kumapeto amadalira chilungamo cha wa kuchiyambi.

Denga la malata nalo ndi chitsime chimene ambiri sachiŵerengera. Nyumba ya mamita 10 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi, ikalandira mvula ya mamilimita 1,000 pa chaka, imakhetsa malita 50,000, ndiwo migolo 250 ya malita 200. Banja silingasunge onseŵa, koma sukulu, mzikiti kapena tchalitchi chokhala ndi thanki chingathe kusunga madzi osambira m'manja ndi othirira nazale ya mitengo. Ngakhale popanda thanki, madzi a padenga angalozedwe m'dzenje la nthochi kapena la mapapaya, m'malo moti akumbe chigwembe pakati pa mudzi.

Malamulo a dziko adatsekula kale khomo la ntchito zotere. Lamulo la za nkhalango la 1997 limalola midzi kukhala ndi nkhalango zao ndi makomiti oziyang'anira. Lamulo la za usodzi la chaka chomwecho limavomereza kuti asodzi atengepo mbali pa kusamala nsomba, kutsatira makomiti a m'madooko amene adayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993. Lamulo la za madzi la 2013 lidaloŵa m'malo mwa lakale la 1969, ndipo limazindikira magulu a anthu ogwiritsa ntchito madzi. Komabe pali zina zimene mudzi sungathe: kumanga chotchinga madzi pa Linthipe, kuyeza ubwino wa madzi a m'mijigo, ndi kuletsa makala odutsa pa mseu. Zimenezo ndi ntchito za khonsolo ya boma ndi za maunduna, ndipo anthu a kwa Maganga ali ndi ufulu wozifunsa.

Anthu a kumtunda asayese kuti nkhaniyi ndi ya eni nyanja okha. Cha m'ma 2016 padabadwa ganizo lopopa madzi a m'nyanja ku Salima kupita nawo ku mzinda wa Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100, chifukwa mtsinje wa Lilongwe sukwanitsanso ludzu la mzindawo. Ndiye kuti madzi amene adathamanga kuchoka ku Dzalanyama posoŵa mitengo yoŵagwira, afunika kubwezedwa kumtunda ndi mapaipi ndi magetsi a ndalama zambiri. Magetsi amenewonso, ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, amadalira madzi a nyanja yomweyo potuluka ndi Shire. Wokhala ku Kawale ndi wokhala kwa Maganga amamwera chikho chimodzi.

Chitsime chimadziŵika kuya kwake chikaphwa, koma mudzi wanzeru sudikira kuti chiphwe. Nthaŵi yoyeza akalozera, yofesa mbeu za mitengo ndi yokonza mjigo ndi chilimwe, mvula isanagwe. Nthaŵi yopangana za ziŵeto ndi za moto ndi pokolola, mapesi akadali m'munda. Womvera wa ku Chitipa, wa ku Dowa kapena wa ku Nsanje ali ndi mtsinje wake, dambo lake ndi mjigo wake, ndipo mafunso amene ali pa bwalo la kwa Maganga ndi omwewo amene ali pa bwalo la kwao: madzi aŵa achokera kuti, akuŵasamala ndani, ndipo buku la ndalama za mjigo lidaŵerengedwa liti pamaso pa anthu?